MADZI A MVULA NDI KUKOKOLOKA KWA NTHAKA M'MAPIRI MWATHU

Mau Oyamba

Lero tikambirana za dothi limene timapondapo tsiku ndi tsiku. Ambiri a ife ndife alimi, ndipo ngakhale amene amagwira ntchito m'tauni, nsima imene amadya imachokera m'munda. Kotero nkhani ya nthaka ikukhudza aliyense amene wakhala pano.

Tikamayenda m'midzi timamva madandaulo ofanana. Wina akuti munda wake udaguga. Wina akuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu. Wina akuti m'munda mwake mwayamba kumera miyala. Tonse tikudziwa kuti mwala sumera. Miyalayo idali momwemo kuyambira kale, koma dothi limene lidaikwirira ndilo lachoka. Tsono tiyeni tione m'mene nthaka imapangikira, m'mene madzi a mvula amaichotsera, kumene imapita, ndi zimene ife eni ake tingachite.

1. Kodi nthaka imapangika bwanji?

Nthaka imachokera ku mwala. Masana thanthwe limatentha ndi dzuwa, usiku limazizira, ndipo m'kupita kwa nthawi limachita ming'alu. Madzi a mvula amalowa m'ming'alumo ndi kufewetsa mwala pang'onopang'ono. Ndere zimamera pamwamba pake, kenaka udzu, kenaka mitengo imene mizu yake imakulitsa ming'alu ija. Mwala umasanduka timiyala, timiyala timasanduka mchenga ndi dongo.

Koma mwala woperekeka paokha sungabereke chimanga. Pafunika masamba, udzu, mizu ndi ndowe zimene zimaola ndi kusakanikirana ndi dothi. Ntchito yosakaniza imeneyi amaigwira ndi chiswe, nyongolotsi, nyerere ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Tizilomboti timaboolanso timauna timene madzi ndi mpweya zimadutsamo. Umu ndi m'mene imapangikira nthaka yakuda ya pamwamba imene timaitcha chajira.

Amene adakumbapo chimbudzi kapena dzenje la zinyalala adaona kuti dothi lili m'magawo. Pamwamba pali dothi lakuda, lofewa, lodzaza ndi mizu. Pansi pake pali dothi lofiira kapena lotuwa, lolimba. Tikapitirira timapeza mwala wofumbutuka, ndipo pansi penipeni pali thanthwe. Chakudya chambiri cha mbewu chili m'gawo loyamba lija, limene m'minda yambiri kuya kwake sikufika ngakhale pa chigongono.

Chofunika kukumbukira ndi nthawi. Akatswiri a nthaka amatiuza kuti sentimita imodzi yokha ya dothi, ndiye kuti ngati kunenepa kwa chala chaching'ono, imatenga zaka mazanamazana kuti ipangike. Chajira chimene tikulimapo lero chidayamba kupangika makolo athu asanafike m'dziko muno. Ife tidangochipeza, ndipo palibe mmodzi wa ife amene adzakhale ndi moyo mpaka kuona china chitapangika m'malo mwa chimene chapita.

2. Mvula ikagwa, madzi amapita kuti?

Madzi a mvula ali ndi njira zitatu. Ena amakodwa m'masamba ndi kuuma ndi dzuwa. Ena amalowa pansi. Otsala amathamanga pamwamba pa nthaka kulowera kumunsi.

Madzi olowa pansi ndiwo bwenzi lathu. Ndi amene mbewu zimamwa mvula ikadula. Ndi amene amasungidwa pansi ndi kutuluka pang'onopang'ono mu akasupe, m'zitsime, m'mijigo ndi m'mitsinje nthawi ya chilimwe. Madzi othamanga pamwamba ndiwo amatibera nthaka.

Dothi lili ngati munthu amene akumwa madzi: lili ndi muyeso wake wa kamwedwe. Mvula yowaza ikamagwa tsiku lonse, dothi limamwa bwinobwino. Koma mvula yathu kawirikawiri imabwera yamkuntho, yochuluka pa nthawi yochepa. Ikamagwa mofulumira kuposa m'mene dothi lingamwere, madzi otsala amayamba kuyenda. Amayendanso pamene mvula yagwa masiku angapo motsatizana, dothi lakhuta, ndipo mulibenso malo.

Tiyeni tiwerenge pang'ono monga tinkachitira kusukulu. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa hekitala imodzi imapereka malita 10,000 a madzi. Mvula yamkuntho ya mamilimita 50, imene si yachilendo m'mwezi wa Januwale, imapereka malita 500,000. Amenewa ndi madiramu 2,500 a malita 200. Ngati theka lokha la madzi amenewa lalephera kulowa pansi, ndiye kuti madiramu 1,250 akhuthulidwa pamunda umodzi ndipo akutsika kulowera kwa mnansi wathu wa kumunsi.

Pali zinthu zinayi zimene zimachulukitsa madzi othamanga ndi kuwapatsa mphamvu. Choyamba ndi kukula kwa mvula. Chachiwiri ndi mtundu wa dothi: dothi lopanda manyowa, logogomezeka ndi mapazi a anthu ndi ziboda za ng'ombe, silimwa msanga. Chachitatu ndi kutsetsereka kwa malo pamodzi ndi kutalika kwa mtsetsewo, pakuti madzi akamayenda mtunda wautali osapeza chowatchinga amachuluka ndipo liwiro lake limakula. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya madziwo imawirikiza kanayi. Chachinayi ndi chofunda cha nthaka, ndiye kuti mitengo, udzu, mbewu ndi zinyalala. Mvula sitingailamule, phiri sitingalisunthe. Koma manyowa, kutalika kwa njira ya madzi ndi chofunda cha nthaka zili m'manja mwathu.

3. Masitepe a kukokoloka kwa nthaka

Kukokoloka kumayamba ndi dontho limodzi. Dontho lalikulu la mvula limafika pansi pa liwiro la pafupifupi makilomita 30 pa ola. Likamenya dothi lopanda chofunda limaphwanya timibulu ta dothi ndi kumwaza tizidutswa uku ndi uku. Umboni wake timauona pa zipupa za nyumba zathu ndi pa masamba a m'munsi a chimanga, pamene pamakhala matope mvula ikatha. Tizidutswa tosalala timagwera m'timauna tija ndi kutitseka. Dzuwa likawala, pamwamba pa dothi pamauma ngati nkhoko za mumphika. Mvula yotsatira imapeza khomo lotseka, ndipo madzi othamanga amachuluka kuposa poyamba.

Sitepe yachiwiri ndi pamene madzi amayenda mopyapyala pamunda ponse ngati munthu akusesa pabwalo. Kukokoloka kwa mtundu umenewu nkoopsa chifukwa sikuoneka. Palibe dzenje, palibe ngalande, koma chaka chilichonse kachikopa ka dothi kamachoka. Ndipo madzi amasankha: amanyamula dongo losalala ndi manyowa, zimene ndi zopepuka, nasiya mchenga ndi miyala. Feteleza amene tathira dzulo lake amapita nawo limodzi. Zizindikiro zake ndi izi: mizu ya mitengo ili pamtunda, maziko a nyumba akuonekera, timiyala takhala pamwamba pa timizati ta dothi, munda ukusintha mtundu kuchoka ku kuda kupita ku kufiira, ndipo kaufiti wachuluka.

Sitepe yachitatu ndi pamene madzi asonkhana m'timinjira ndi kukumba timingalande tonga zala za dzanja. Timeneti timatha kutifotsera ndi khasu, ndipo chifukwa cha ichi ambiri timati palibe vuto. Koma dothi limene tafotsera nalo talitenga m'mbali, ndipo chaka chamawa nalonso lipita.

Sitepe yachinayi ndi chigwembe. Timingalande tikakumana timapanga ngalande yakuya imene khasu silingathe. Chigwembe chimakula chobwerera m'mbuyo: madzi amagwera kumutu kwake ngati mathithi, nakumba pansi, ndipo khoma limagumuka. Chaka ndi chaka chimakwera phiri, kudya minda, kudula njira, ngakhale kufukula manda. Chimayamwanso madzi a m'minda yoyandikana nacho, mwakuti mbewu za m'mbali mwake zimafota msanga. Zigwembe zambiri zidayambira pa kanjira ka anthu, pa njira ya ng'ombe, pa malire a minda iwiri kapena pamene ngalande ya msewu imatayira madzi. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Pamene adutsa kamodzi adzadutsaponso.

Pali mtundu winanso umene makolo athu adautcha Napolo. Mvula ikagwa masiku angapo pa phiri lotsetsereka kwambiri, dothi limakhuta madzi, limalemera, ndipo limaterereka pamwamba pa thanthwe pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Zidachitika ku Zomba mu Disembala 1946. Zidachitika ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidapha anthu mazanamazana. Zidachitikanso mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy, pamene phiri la Soche lidagumukira anthu a ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ndipo mapiri enanso adagumuka ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Pa nthawi imeneyo anthu oposa 600 adapezeka atafa, ena oposa 500 adasowa, ndipo oposa 600,000 adasiya nyumba zawo. Tinene zoona: mvula ikafika pa muyeso wotero, ngakhale phiri la mitengo limatha kugumuka. Koma mizu ya mitengo imamanga dothi, ndipo phiri lometedwa, logobedwa m'munsi pomanga nyumba, limagumuka msanga ndi kupeza anthu ambiri panjira yake.

4. Phiri limodzi, nthaka zosiyanasiyana

Madzi othamanga sachotsa dothi kokha ayi, amaligawanso. Pamene ali ndi liwiro amanyamula. Pamene liwiro lachepa amatula katundu. Amayamba kutula zolemera, ndiye miyala, kenaka mchenga, ndipo dongo losalala amakalitula kutali pamene madzi adikha.

Nchifukwa chake munthu akamatsika kuchoka pamwamba pa phiri kupita kudambo amaponda nthaka zamitundumitundu. Kumtunda kotsetsereka dothi ndi losaya, la miyala, chifukwa limachoka lisanakhwime. Pakati, pamene mtsetse wachepa, m'madera ambiri timapeza katondo wofiira, wakuya, amene madzi amadutsamo bwino. M'munsi, chakufupi ndi dambo, pamakhala dothi lotuwa la mchenga. M'dambo mwenimweni muli makande akuda, omata nthawi ya dzinja, ong'ambika nthawi ya chilimwe. Katswiri wina wa nthaka, Geoffrey Milne, amene ankagwira ntchito ku Tanganyika, adalemba za mndandanda umenewu mu 1935, naufanizira ndi unyolo, chifukwa gawo lililonse ndi lolumikizana ndi linzake. Makolo athu ankazidziwa zimenezi popanda buku. Ankadziwa pobzala chimanga, pobzala chinangwa, polima mpunga ndi posiya nkhalango.

Tsono kukokoloka pang'ono kwakhala kulipo chilengedwere dziko, ndipo ndiko kudapanga zigwa zachonde monga chigwa cha Shire ndi madimba a m'mbali mwa mitsinje. M'nkhalango dothi limachoka pang'ono kwambiri, mwakuti limene likupangika limabwezera limene lapita. Vuto limabwera pamene dothi likuchoka mofulumira kuposa m'mene likupangikira. Zikatero kumtunda kumatsala miyala, ndipo kumunsi sikulandiranso chajira koma mchenga umene umakwirira madimba. Onse awiri, wakumtunda ndi wakumunsi, amaluza.

5. Kodi tikutaya zochuluka bwanji?

Mu 1992 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idayerekeza kuti dziko la Malawi linkataya matani 20 a dothi pa hekitala iliyonse chaka chilichonse. Kafukufuku wina amene boma lidachita pamodzi ndi nthambi za bungwe la United Nations adapeza kuti mu 2014 chiwerengerochi chidali matani 29. Kumeneku ndi kuphatikiza dziko lonse. M'malo otsetsereka chimaposa pamenepo, m'zigwa chimachepa.

Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Pa ekala imodzi ndi matumba oposa 230. Tiyerekeze kuti munthu wabwera ndi ngolo usiku, natapa matumba 230 a dothi lakuda m'munda mwathu. Kodi sitikanakuwa? Kodi nkhaniyo sikanafika kwa amfumu? Koma popeza wakubayo ndi madzi, timangoyang'ana tili pakhonde.

Chimene chimatipusitsa ndi ichi: matani 29 akamwazidwa pa hekitala yonse, kuya kwake ndi mamilimita awiri okha kapena kuposerapo pang'ono. Diso silingaone. Koma pa zaka 10 ndi masentimita awiri, ndipo pa zaka 50, moyo wa mlimi mmodzi, ndi masentimita 10. Taona kale kuti sentimita imodzi imatenga zaka mazanamazana. Ndiye kuti mbadwo umodzi ungathe kumaliza chuma chimene chidasonkhanitsidwa pa mibadwo yosawerengeka.

6. Dothi likachoka limapita kuti?

Limapita kumtsinje. Mtsinje ukafiira nthawi ya dzinja, imeneyo ndi minda yathu ikuyenda. Mchenga umadzaza m'mitsinje, mtsinje umakhala wosaya, ndipo mvula ikagwa madzi amasefukira m'midzi. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene adavutika ndi madzi osefukira mu Januwale 2015 ndi zaka zina zotsatira, amalandira madzi ndi mchenga zochokera m'maboma a kumtunda. Mitsinje yomweyo imaphwa msanga chilimwe chikafika, chifukwa madzi amene akadalowa pansi adathawa onse tsiku limodzi. Amene amayamba kumva ululu wake ndi amayi ndi atsikana, amene amalawirira m'bandakucha kukadikira madzi pachitsime.

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Matope ochokera m'mitsinje monga Lisungwi, Rivirivi ndi Wamkulumadzi amadzaza m'madamu a malo amenewa ndi kuchepetsa madzi oyendetsa makina, ndipo ndalama zambiri zimapita pa ntchito yochotsa matopewo. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chigayo chikaima, chipatala chikakhala mumdima, nkhaniyo imakhudza ndi amene alibe magetsi m'nyumba mwake.

Nsomba nazonso zimavutika. Mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja kukwera mitsinje monga Bua kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Motero khasu la munthu wa kumapiri limafika mpaka mu ukonde wa msodzi wa kunyanja.

7. Chifukwa chiyani vutoli lakula?

Pa kalembera wa 1966 m'dziko muno mudali anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tidapezeka tili oposa 17.5 miliyoni. Dziko silidakule. Kale munda ukatopa unkagonekedwa zaka zingapo kuti tchire libwezeretse chonde. Lero munda womwewo umalimidwa chaka ndi chaka, ndipo mabanja atsopano amakwera m'mapiri kapena kutsikira m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Mitengo yapita ku nkhuni, makala, kuotcha njerwa ndi kuchiza fodya. Phiri la Ndirande, limene lidali ndi nkhalango, lidametedwa m'zaka za m'ma 1990, pamene ena adamva molakwa kuti demokalase ndiye kuti aliyense achite chimene afuna.

Tisafulumire kuloza chala. Bambo amene amaotcha makala kawirikawiri amatero chifukwa ana alibe chakudya, ndipo amene amagula makalawo ndi ife tomwe. Mayi wamasiye amene akulima pa mtsetse alibe malo ena. Umphawi umaononga nthaka, ndipo nthaka yoonongeka imabala umphawi. Komabe pali zina zimene timachita mwa chizolowezi chabe: kutentha tchire posaka mbewa, kutentha mapesi pososa, ndi kulima mizere yoloza kumunsi chifukwa ndi yosavuta kuunga. Mzere woloza kumunsi ndi ngalande imene takumbira madzi ndi manja athu.

Pali phunziro linanso la m'mbiri yathu. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda lidakakamiza anthu kuunga mizere ndi kukumba milambala. Okana ankalipitsidwa chindapusa, ena kutsekeredwa m'ndende. Anthu adadana nawo malamulo amenewa, amene ankawatcha malimidwe, ndipo ambiri adasiya ntchitoyo chikakamizo chitatha. Nzeru yoteteza nthaka idali yabwino, koma idabwera ndi chikoti, popanda kufunsa kapena kufotokozera eni minda. Ntchito imene anthu saimvetsa imatha tsiku limene kapitawo wachoka.

8. Tingachitepo chiyani?

Mfundo yake ndi yosavuta: titchinjirize dothi ku dontho la mvula, tichepetse liwiro la madzi, ndipo tiwapatse mpata wolowa pansi pamalo pomwe agwerapo.

Tiyambire kumtunda. Kutseka chigwembe kumunsi pamene kumtunda kuli mbee ndi kutaya mphamvu pachabe. Pamwamba pa mapiri ndi m'malo otsetsereka kwambiri pasiyidwe mitengo ndi udzu. Sikuti nthawi zonse pafunika mbande zogula. Zitsa za mitengo yachilengedwe zikatetezedwa ku moto, mbuzi ndi nkhwangwa zimaphukira zokha, ndipo zimapirira kuposa mitengo yobzala chifukwa mizu yake idazama kale.

M'minda tiunge mizere yopingasa mtsetse motsata akalozera. Diso limanama, choncho akalozera ayezedwe ndi chipangizo. Chosavuta ndi chija chooneka ngati chilembo cha A: mitengo iwiri yofanana kutalika yomangidwa pamwamba, wachitatu wopingasa pakati, ndi chingwe cholendewera chomangidwa mwala. Pamene chingwe chagwera pa chizindikiro cha pakati, miyendo iwiriyo yaima pa muyeso umodzi, ndipo timakhoma zikhomo. Pamene malo atsetsereka kwambiri, akalozera ayandikane. Mizere ina yonse itsate akalozerawo. Mlangizi wa zaulimi angatithandize kuyeza ndi kutiuza kutalikirana koyenera munda wathu.

Pa akalozera tibzale udzu wa vetiva mothithikana. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, sufalikira m'munda ngati udzu wina, ndipo ukakula umasefa madzi: dothi limatsala, madzi amadutsa mofatsa. Patapita zaka zingapo kumtunda kwa mzere wa vetiva kumakwera ngati khonde. Nsenjere nayonso imathandiza, ndipo imadyetsa ziweto.

Pakati pa mizere tiike ngonyeka, timizere tating'ono totseka khwawa la mzere, kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Zimenezi zimapulumutsa mbewu mvula ikadula. Pa dothi la makande limene limasunga kale madzi, ngonyeka zingathe kumiza mbewu, choncho tiyang'ane mtundu wa dothi lathu.

Tisatenthe mapesi. Tiwayale m'munda kuti akhale chofunda, kapena tipange nawo kompositi. Manyowa amamanga timibulu ta dothi kuti tisaphwanyike msanga, ndipo amathandiza kuti feteleza wochepa amene takwanitsa kugula agwire ntchito. Tibzale nandolo, mtedza ndi nyemba pamodzi ndi chimanga kapena mosinthana nacho. Mitengo monga msangu ndi gilisidiya imabwezera chonde. Msangu uli ndi ubwino woti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba mbewu.

Chigwembe tichigwire chikadali chaching'ono. Tiyambe ndi kuchepetsa madzi olowa kumutu kwake. Mkati mwake timange timipanda tatifupi ta miyala kapena ta zikhomo ndi nthambi, tambiri motalikirana pang'ono, pakati pake potsikirapo kuti madzi adutse pamwamba osaboola m'mbali. Dothi likayamba kudikha tibzalemo vetiva, nsenjere, nsungwi kapena nthochi. M'mbali mwa mitsinje tisiye mpata wosalima, ndipo bango, mikuyu ndi katope zikhale pamalo pake.

Tisaiwale pakhomo. Denga la malata, bwalo losesedwa ndi njira zimatulutsa madzi ambiri. Madzi a padenga la nyumba, la sukulu kapena la tchalitchi tiwakolole m'thanki kapena tiwalozetse m'dzenje la nthochi, asapite kukayamba chigwembe m'munda mwa mnansi.

Tisanamizane kuti ntchitoyi ndi yopepuka. Imafuna thukuta m'miyezi yotentha, mzere wa vetiva umadya malo a mzere wa chimanga, ndipo phindu lake lenileni limaoneka patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Amene wayamba ndi akalozera awiri chaka chino wapambana amene akudikira bungwe lobwera ndi galimoto.

9. Udindo wathu monga nzika

Madzi sadziwa malire a munda. Munthu mmodzi atha kusamala munda wake, koma ngati wa kumtunda kwake walekerera, ntchito yonse imakokoloka usiku umodzi. Mutu umodzi susenza denga. Anthu onse olima pa phiri limodzi ayenera kukhala pansi pamodzi ndi amfumu awo ndi kugwirizana: malo osalimidwa ndi ati, madzi a mumsewu adzatsikira kuti, ziweto zidzayenda njira iti, ndipo wotentha tchire adzaweruzidwa bwanji. Pa zokambirana zotere amayi apatsidwe mpata woyankhula, pakuti ndi amene amagwira ntchito yaikulu ya m'munda, ndipo m'madera ambiri minda ndi ya kuchikazi. Okalamba, odwala ndi amasiye amene sangathe kuunga akalozera okha tiwathandize monga timachitira pa ntchito zina za m'mphakati, pakuti munda wawo ukatseguka madzi adzalowera momwemo kufika kwa tonse.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene adakhazikitsidwa mu 1994, m'gawo 13 amapatsa boma udindo wosamala chilengedwe, kuteteza kuti chisaonongeke, ndi kuganizira ufulu wa mibadwo yam'tsogolo. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo ndi makomiti oziyang'anira. Choncho tili ndi ufulu wofunsa. Tifunse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ngati kuteteza nthaka kuli pa ndondomeko yake. Tifunse kuti mlangizi afike m'dera lathu. Omanga msewu akalozetsa madzi m'minda ya anthu, nkhaniyo ipite kwa khansala ndi ku khonsolo. Ofuna mavoti athu akabwera, tisangowafunsa za makuponi a feteleza. Tiwafunsenso zimene adzachite kuti fetelezayo asathere mumtsinje. Ndipo tikaona malo oopsa m'mbali mwa phiri akugawidwa kuti anthu amangepo nyumba, tiyankhule mvula isanabwere. Mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi m'mudzi mwathu muli zigwembe zingati? Zidayambira pati, ndipo akuluakulu akukumbukira kuti pamalopo padali bwanji kale?

2. Ndi mitsinje kapena akasupe ati amene kale sankaphwa koma lero amaphwa? Kumtunda kwake kwasintha chiyani?

3. Madzi ochoka m'munda mwathu ndi padenga lathu amapita kwa yani?

4. Ndi mabanja ati pakati pathu amene sangathe kuteteza minda yawo paokha, ndipo tiwathandiza liti?

5. Ndi ntchito imodzi iti imene tingaimalize pamodzi mvula ya chaka chino isanagwe? Adzatsogolera ndani?

Mau Otsiriza

Abale ndi alongo, tikupempha chinthu chimodzi. Mvula yamkuntho ikadzagwa, ikangokata, aliyense adzatuluke ndi kuyendera munda wake kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Adzaone pamene madzi alowera, pamene adula mizere, pamene atula mchenga, ndi mtundu wa madzi amene akutuluka. Adzakhome chikhomo pamalo paliponse pamene madzi adutsa, chifukwa pamenepo ndi poyambira ntchito. Zimene mudzaone mudzabwere nazo ku msonkhano wa mphakati kuti tidzakambirane ndi kugawana ntchito. Ana athu adzalima minda yomweyi, ndipo adzakolola molingana ndi dothi limene tidzawasiyire.